Reggae wa pa Balaka si mwana wobwereka

Chaka ndi chaka alendo ochokera ku Ulaya, ku America ngakhale ku Japan amakwera ndege kupita ku Jamaica, chilumba cha m'nyanja ya Caribbean, kukamva reggae komwe anabadwira. Ulendo wawo ndi wodziwikiratu. Masana amapita pa 56 Hope Road mumzinda wa Kingston, nyumba yomwe Bob Marley ankakhala, imene lero ndi malo osungirako mbiri yake. Akachoka apo amatsikira ku Trench Town kukaona timanyumba tomwe iye ndi anzake anakuliramo. Usiku amalowa m'dansi wa mumsewu, momwe masipika ounjikidwa ngati khoma amagwedeza nthiti za munthu. Akabwerera kwawo amalemba kuti akaona zenizeni.

Mlendo yemweyo akabwera kuno, ulendo wake umakhala wina. Akachoka ku Lilongwe amatsata msewu wa Ntcheu, n'kukhotera ku Liwonde kukaona njovu ndi mvuu pa Shire. Pa Balaka amaima kuti athire mafuta ndi kugula madzi. Akamva reggae wa m'Chichewa akulira pa sipika ya pa golosale, amamwetulira ngati munthu amene waona mwana atavala nsapato za bambo ake. Madzulo akafika kumalo ogona alendo, amafunsa ngati pali gule wachikhalidwe woti aonere.

Mlendoyo sindikumudandaula kwenikweni. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene chimandivuta n'chakuti kumwetulira kwake tinakutengera ifeyo, ophunzira. Pa koleji munthu ukatchula nyimbo za ku Balaka, ena amati ndi za m'minibasi, ena amati ndi za madala, ndipo odziwa kulankhula amati ndi reggae wokopera. Ine ndikuti mbiri ikutsutsa zimenezi. Nyimbo sikhala yako chifukwa inabadwira pakhomo pako. Imakhala yako ikagwira ntchito pakhomo pako, ndipo reggae anagwira ntchito pa Balaka imene panthawiyo panalibe wina woigwira.

Nayo Jamaica inabwereka

Tiyambire ku chilumba komweko, chifukwa amene amati zathu n'zokopera amaganiza kuti reggae anaphuka yekha ngati bowa.

M'zaka za m'ma 1950 anthu osauka a ku Kingston ankavina nyimbo za anthu akuda a ku America, zotchedwa rhythm and blues. Ankazimva usiku pa mawailesi a ku New Orleans ndi Miami, komanso pa mbale zomwe ankabwera nazo anthu opita kukagwira ntchito ku America. Mmodzi mwa iwo anali Clement Dodd, wodziwika kuti Coxsone, yemwe anakagwirako ntchito m'minda n'kubwerako ndi mbale za nyimbo. Iye ndi mnzake wopikisana naye, Duke Reid, yemwe kale anali wapolisi, ankanyamula masipika pa galimoto n'kukaimika pabwalo, anthu n'kumalipira pakhomo. Izi ndi zimene amazitcha sound system.

Mbale za ku America za mtundu umenewu zitayamba kusowa, anayamba kujambula oimba a pachilumbapo kuti aziimba motengera. Koma anyamatawo potengera ankatsindika pena, pamene Amereka sankatsindikapo, ndipo ankasakaniza ndi mento, nyimbo zawo zakumudzi. Apo ndi pamene panabadwira ska, imene inali pakamwa pa aliyense pamene Jamaica inkalandira ufulu mu 1962. Cha m'ma 1966 anaichepetsa liwiro ikhala rocksteady, ndipo pofika 1968 inali reggae.

Pali chinthu china chimene munthu wa ku Balaka ayenera kuchidziwa. Ambiri mwa akatswiri oliza malipenga amene anaumba ska anaphunzira luso lawo pa Alpha Boys School, sukulu ya ana ovutika yoyendetsedwa ndi masisitere a Chikatolika. Don Drummond, Tommy McCook ndi Lester Sterling, a gulu la Skatalites lomwe linapangidwa mu 1964, onse anadutsa pamenepo, m'manja mwa Sister Mary Ignatius Davies. Ndiye kuti ngakhale ku Kingston, kuseri kwa nyimbo za m'madansi kunali bwalo la mishoni.

Komanso reggae amene mlendo uja amamutcha weniweni anakonzedwa poganizira khutu lake lomwelo. Chimbale cha Catch a Fire cha 1973, chomwe chinatulutsa Bob Marley kunja, chinakamalizidwa ku London, komwe Chris Blackwell wa Island Records anaonjezeramo gitala wa woimba wa ku America kuti achinyamata okonda rock achilandire. Palibe amene amati chifukwa cha ichi Marley anali wokopera.

Phunziro la beni

Kwathu kuno kubwereka kotereku si kwachilendo. Gule amene mlendo wa ku Liwonde angamuonetse kuti ndi wachikhalidwe akhoza kukhala beni, amene Ayao a ku Machinga, Mangochi ndi Zomba amanyadira. Onetsetsani beni: mayunifomu, zipewa, maudindo ngati a asilikali, mizere yoguba, wenzulo. Dzina lenilenilo linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu loimba la asilikali. Guleyu anayambira m'matauni a Chiswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, ndipo anafalikira mkati muno makamaka itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ndi amtengatenga akubwerera kumudzi. Kumbukirani kuti Zomba, pafupi pomwepa, ndi komwe kunali likulu la asilikali a King's African Rifles m'dziko muno.

Azungu a nthawiyo anagawikana pomuona beni. Ena ankaseka kuti anthu akuda akutengera azungu mosadziwa. Ena, makamaka amishoni ndi akuluakulu a boma, ankamukayikira kuti mwina ndi chipongwe kapena chiyambi cha kuukira. Anthu awiri ophunzira anayesa kumumvetsa bwino. J. Clyde Mitchell, yemwe anakhala pakati pa Ayao a dera lino kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 n'kulemba buku la The Yao Village, analembanso za kalela, gule wa m'migodi ya ku Copperbelt, n'kuonetsa kuti ndi mphukira ya beni. Terence Ranger anatulutsa buku lathunthu lonena za beni mu 1975. Onse awiri anaona kuti ovinawo sankalota zokhala azungu. Ankagwiritsa ntchito zovala za mwini mphamvu pokamba za moyo wawo: mpikisano wa midzi, ulemu wa mnyamata wobwera kutauni, ndi nyimbo zonyogodola amene sakanatha kumunena maso ndi maso.

Lero palibe Myao amene angavomere kuti beni ndi wa Angerezi. Zaka zapita, guleyo walowa m'magazi. Chimene chinachitika ndi yunifomu ya msilikali ndi chomwecho chinachitika ndi gitala wa ku Kingston, kungoti ichi chachitika ife tikuona, ndiye tikuchipeputsa.

Mlendo amene sanabwerere

Mpaka mu 1998 Balaka sinali boma palokha. Inali mbali ya Machinga. Inali tauni ya njanji ndi msewu, yotentha, ya thonje ndi malambe. Sitima yochokera ku Limbe kupita ku Salima inkadutsa pamenepo, ndipo kuyambira 1970 njanji ina inapatukira pa Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi kulowera ku Nacala. Malo otere amamva zinthu msanga. Anthu obwera ku Joni ndi ku Harare ankatsika ndi mawailesi ndi mbale za nyimbo, monga momwe Coxsone anachitira kwawo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pa parishi ya Balaka panafika wansembe wachinyamata wa ku Italy wa chipani cha Montfort, Bambo Mario Pacifici. Nayenso anali mlendo amene anamva nyimbo za eni dera, koma sanachite ngati mlendo wa ku Kingston uja. Sanalembe kuti waona zenizeni n'kukwera ndege. Anakhala, ndipo anathandiza anyamata a pa parishi, motsogozedwa ndi Paul Banda, kupeza zida ndi malo oimbira. Mu 1978 panabadwa Alleluya Band. Pambuyo pake panakula Andiamo, malo a ntchito zamanja ndi maphunziro a achinyamata, dzina lake la Chitaliyana lotanthauza kuti tiyeni. Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko kanali magitala ndi magetsi, koma ometa anali ana a pa Balaka.

Kuti timvetse kulemera kwa zimenezi tikumbuke dziko lomwe ankaimbamo. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo zisanafike kwa anthu. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema kunalibe mpaka 1999. Mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, moti alendo ena ankametedwa akangotsika ndege. Bob Marley anaimba pa Rufaro Stadium ku Harare mu April 1980, pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe. Kunoko, tsitsi lake lokhalo likanamuimitsa pa Chileka.

Ndiye reggae sakanalowa m'Malawi atavala ngati Mrasta. Analowa atavala ngati mwana wa kwaya. Ndipo apa ndi pamene pali nzeru ya Balaka. Reggae wa ku Jamaica ndi wodzaza ndi Baibulo: Babulo, Ziyoni, Eksodo, Masalimo. Mawu amenewa mnyamata wa Chikatolika ankawadziwa kale. Ankatha kuimba za Farao ndi ana a Israeli, za mtendere ndi chilungamo, wounika nyimbo n'kumva ulaliki, pamene mayi wogulitsa mandasi pa siteshoni akumva zina. Mpingo unali denga limene munthu ankatha kubisalamo mvula ya ndale, ndipo chamba cha reggae (ndikunena chamba cha nyimbo, anzanga) chinali chinenero chimene chinkakwana pansi pa dengalo.

Njira imene reggae anadzera nayonso ndi yofunika. Sanabwere molunjika kuchokera ku Kingston kokha. Lucky Dube wa ku South Africa, yemwe anasiya mbaqanga n'kuyamba reggae m'ma 1980, anamveka kwambiri kuno ndi zimbale za Slave ndi Prisoner. Iye anali ataonetsa kale kuti munthu wa kum'mwera kwa Africa akhoza kuimba reggae wodalira kiyibodi, wa mawu omveka bwino, wokamba za mowa, banja ndi ndende. Amene ali ndi khutu amamva kuti Balaka ili pafupi ndi Johannesburg kuposa Trench Town.

Kalata ndi kaseti

Pa 8 March 1992 m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula umphawi, kusiyana kwa malipiro ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Kalatayo inasindikizidwa pa Balaka, pa makina a Montfort. Boma linati ndi youkira, ndipo pasanapite nthawi nyumba yosindikizirayo inatenthedwa. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 anasankha boma latsopano.

Ine sindiona ngati zinangochitika mwangozi kuti tauni imene inasindikiza kalatayo ndi yomwenso inatulutsa mawu oimba a nyengo imeneyo. Zonse ziwiri zinatuluka m'bwalo limodzi, momwe munali makina, magetsi, achinyamata ophunzitsidwa ndi chitetezo pang'ono cha mpingo. M'zaka zomwezo za 1993 ndi 1994 mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, yemwe anabadwa mu 1970 n'kukulira mu Alleluya Band, anakajambula ku Johannesburg chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man. Nyimbo ya Mabala inanena poyera za zilonda za zaka makumi atatu, zimene anthu ankangonong'onezana. China mwa zimbale zotsatira anachitcha Down Babylon. Liwu la Babulo analibwereka ku Jamaica, koma palibe Mmalawi amene anafunsa kuti Babulo ameneyu ali kuti.

Chinthu chachiwiri chinali situdiyo. Paul Banda anatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe pa Balaka pomwepo, nthawi imene woimba wosauka analibe kolowera kupatula kukapempha mwayi ku MBC. Mnyamata ankatha kukwera basi ndi nyimbo zake m'mutu, n'kubwerera ndi kaseti. Ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe ankachulukitsa makasetiwo, ndipo mavenda, mabasi ndi mabala ankamaliza ntchito. Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Isaac Liwotcha, Mlaka Maliro, Billy Kaunda ndi ena ambiri anadutsa m'bwalo la Balaka, ena mu Alleluya, ena mu Zembani Band ya Lucius, ena pa situdiyo. Kwa zaka zingapo, ukati nyimbo za Chimalawi, unkatanthauza kamvekedwe kameneka.

Zimene Balaka inasintha

Tsopano tiyeni timvetsere, chifukwa mlandu wa kukopera umaweruzidwa ndi khutu.

Reggae wa ku Jamaica amamangidwa pa besi ndi ng'oma. Anapangidwira masipika a pabwalo, kuti thupi limve nyimbo khutu lisanamve. Woimba akhoza kubwereza mzere umodzi kangapo, kapena kuchotsedwamo kumene, nyimbo n'kukhalabe. Wa ku Balaka anasunga kudula kwa gitala kuja, koma katundu anamusenzetsa pa mawu. Besi ndi wopepuka, kiyibodi ili patsogolo, ndipo oyankha amaimba mogwirizana ngati kwaya ya Misa yachiwiri. Ndime zake ndi zazitali, zokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ngati nthano kapena uphungu wa ankhoswe. Anapangidwira kawailesi ka mabatire, basi yodzaza ndi khonde la golosale, malo amene besi wolemera samveka koma mawu amamveka.

Nkhani zakenso ndi zapakhomo. Mrasta wa ku Kingston amaimba za kubwerera ku Africa. Munthu wa ku Sosola kapena ku Ntaja ali kale ku Africa, ndipo akudziwa kuti kumeneko feteleza ndi wodula. Choncho nyimbo zathu zinakamba za ana amasiye, kulanda chuma cha masiye, nsanje ya pachibale, malipiro ochepa, andale oiwala kwawo, ndi matenda amene m'ma 1990 ankatha mabanja anthu akuopa kuwatchula dzina. Paul Chaphuka, yemwe anamwalira ali wachinyamata, anasiya nyimbo ya Ndichiritseni, imene ambiri anailandira ngati pemphero la m'badwo wonse.

Ena amafuna kulumikiza Malawi ndi Jamaica ndi magazi, kuti ndi abale athu otengedwa ukapolo. Mbiri sikutero kwenikweni. Akapolo ambiri a ku Jamaica anachokera kumadzulo kwa Africa, pamene ogwidwa m'dera la nyanja yathu ndi Shire ankapita nawo kum'mawa, ku Kilwa, Zanzibar ndi Quelimane. Ubale wathu ndi Jamaica ndi wochita kusankha. Tinamva anthu osauka olamulidwa ndi Angerezi ngati ife, oleredwa ndi Baibulo ngati ife, atapeza njira yodandaulira uku akuvina, ndipo tinati njira imeneyi itithandiza. Kwa ine ubale wotere ndi wolimba kuposa wa magazi, chifukwa umafuna kuti munthu aganize.

Usiku ndi wa ndani

Mlendo wa ku Kingston amatamanda dansi wa mumsewu chifukwa ndi wa eni ake, osati wokonzera alendo. Akanakhala kuti wagona pa Balaka kapena pa Liwonde, kunja kwa mpanda wa malo a alendo, akanapeza zofanana. Kuno usiku unali ndi eni ake kale magetsi asanabwere. Nyengo ya zinamwali manganje amagunda mpaka kucha. Pa ukwati pamakhala mchezo. Asilamu ali ndi sikiri wawo. Masipika ndi jenereta atafika, analowa m'malo okonzedwa kale: mnyamata wobwereketsa zoimbira pa chinkhoswe ndiye sound system yathu, ndipo mpikisano wa mabala oyandikana, aliyense kukweza nyimbo kuti akope madalaivala a mathiraki ndi anthu odikira sitima, Duke Reid akanauzindikira.

Chosiyana n'chakuti pa Balaka nyimbo imodzimodziyo imalira m'bala Loweruka usiku, n'kuliranso pa wailesi Lamulungu m'mawa anthu akusita zovala za kutchalitchi. Munthu amavina nyimbo yomudzudzula iye mwini, botolo lili m'manja. Amene amaona ngati ichi ndi chinyengo sanamvetse ntchito ya nyimbo kwathu. Ngakhale pa mtondo, amayi ankasinja uku akuimba zodandaula za mwamuna amene akumusinjira.

Zimene otsutsa akunena zoona

Sindikufuna kupaka mafuta paliponse. Otsutsa ali ndi mfundo zitatu zimene ndimazilemekeza.

Yoyamba, kamvekedwe kaja kanafika potopetsa. Situdiyo zochepa, kiyibodi imodzi ndi ng'oma za makina zinachititsa kuti zimbale zambiri zizimveka ngati chimodzi, ndipo achinyamata a m'ma 2000 atatembenukira ku hip hop ndi dancehall anali ndi chifukwa. Koma ichi ndi chizindikiro cha umphawi wa zida, osati wa nzeru. Ku Jamaica nakonso oimba makumi amaimba pa kamvekedwe kamodzi, ndipo kumeneko amati ndi mwambo.

Yachiwiri ndi ya ndale. Lucius, yemwe anthu anamutcha Soldier chifukwa cholankhulira amphawi, analowa UDF, anakhala phungu wa Balaka North mu 2004, anamangidwa mu 2006 pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo pomwalira anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Billy Kaunda nayenso anakhalapo phungu. Funso lakuti woimba angadzudzule bwanji tebulo limene akudyerapo ndi loyenera kufunsa, ndipo ndi limodzi mwa mafunso amene mbiri ya Balaka ingatiphunzitse, tikailemba moona.

Yachitatu imachokera ku Chileka. Evison Matafale ndi Black Missionaries anabweretsa reggae wa besi wolemera ndi chikhulupiriro cha Chirasta, ndipo Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu November 2001. Ambiri amati uyu ndiye reggae weniweni. Ine ndimakonda zonse ziwiri, koma liwu lakuti weniweni ndimalikana, chifukwa muyeso wake ndi wakuti ndani akufanana kwambiri ndi Jamaica. Umenewo ndi muyeso wa mlendo. Chileka inayenda m'njira imene Balaka inalambula: anthu anali atazolowera kale kumva choonadi chowawa m'Chichewa pa kudula kwa gitala kuja. Ndipo kuti ana a Chirasta aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo zinatengera chigamulo cha khoti lalikulu ku Zomba mu 2023, umboni wakuti chitseko chimene Balaka inalowera cham'mbali chinali chotsekadi.

Chimene tingataye

Jamaica nayo inayamba ndi kunyoza nyimbo zake. Anthu apamwamba a ku Kingston ankati ndi phokoso la m'makomboni. Koma inafika pozindikira. Kuyambira 2008 mwezi wa February ndi mwezi wa reggae m'dzikomo, ndipo mu November 2018 UNESCO inaika reggae pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mlendo uja amapita ku Hope Road chifukwa eni ake anasunga nyumbayo, anasunga matepi, n'kulemba nkhani yake.

Ife tili ndi chizolowezi chodikira mlendo kuti atisungire. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Za beni timawerenga kwa Mitchell ndi Ranger. Tiwathokoze, koma tidzifunse kuti za Balaka adzalemba ndani. Lucius Banda anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka. Kaseti ndi chinthu chosakhalitsa: imadyedwa ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo makina oiliza akutha. Amene ankaliza besi, amene ankajambula zikuto, amayi amene ankayankha kumbuyo osalembedwa dzina, akukalamba. Madzi akatayika saoleka.

Anzanga amene mukufuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, kaya ndinu a mbiri, a zinenero, a zamalonda kapena a zoulutsa mawu, nkhani ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa Liwonde. Kafunseni kuti kaseti imodzi inkadutsa m'manja angati isanafike kwa wogula, ndipo woimba ankatsala ndi zingati. Lembani mawu a nyimbo zija, muone mmene Chichewa chinapindikira kuti chikwane mu reggae. Fufuzani kuti Asilamu a ku Machinga ankazimva bwanji nyimbo zobadwira pa parishi, popeza ankazigula ndi kuzivina. Funsani a Alleluya Band, omwe akhala akupita kukaimba ku Italy, kuti iwo akakhala alendo kumeneko anthu amawamva ngati ndani. Amene muli ndi makaseti a makolo m'katoni, musawataye. Asamutsireni pa kompyuta, mulembe chaka ndi dzina.

Lucius, kudzera mu Sand Music Festival, anabweretsa oimba a ku Jamaica monga Busy Signal kudzaimba m'mbali mwa nyanja yathu. Anawaitana ngati mnansi amene wamanga nyumba yake ndipo akufuna anzake adzaione. Ifenso tiphunzire kulankhula za Balaka motero, popanda kupepesa. Beni anatenga zaka zambiri kuti atchedwe chikhalidwe, ndipo pofika nthawiyo amene anamuyambitsa anali atapita ndi nkhani zawo. Ambiri mwa amene anayambitsa reggae wa pa Balaka akadali moyo, ndipo minibasi yopita kumeneko imanyamuka tsiku lililonse.